Laputopu ikasinthidwa Windows, kodi ingabwerere momwe idachokera kufakitale?

Pamsika wa Phalula m'boma la Balaka, monganso pamalo ena ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Zalewa ndi Chingeni, laputopu ndi khasu la anthu angapo. Ndiyo imalemba makalata ofunsira ntchito, imabena nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi, imasunga mayeso omwe aphunzitsi akonza komanso kaundula wa ndalama za magulu a banki mkhonde. Ochuluka mwa malaputopuwa ndi a kaunjika. Adayamba agwira ntchito m'maofesi a ku Ulaya, America kapena South Africa asadafike m'mashopu a ku Limbe ndi Lilongwe, ndipo pofika m'manja mwa mwini wake wa lero amakhala atasinthidwa kale pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, yomwe pa Chingerezi amati operating system, kamodzi kapena kawiri.

Zifukwa zosinthira zimasiyana. Wina adauzidwa kuti Ubuntu siigwidwa mavairasi chisawawa, wina adakakamiza Windows 11 pa makina okalamba, wina adabwerera ku Windows 7 chifukwa pulinta yake yakale inkakana yatsopanoyo. Pakapita miyezi, Wi-Fi ikayamba kuvuta, mawu akasiya kutuluka kapena pulogalamu ya kuntchito ikakana kulowa, pempho lomwe limafika kwa mmisiri limakhala limodzi: aibwezere momwe idachokera kufakitale. Pempholi limamveka lophweka chifukwa pa foni zimatheka pongodina malo awiri kapena atatu. Pa laputopu yankho limatengera zomwe zidafufutidwa tsiku lomwe pulogalamu yatsopanoyo inkalowetsedwa, ndipo kawirikawiri mwini wake sadziwa n'komwe kuti padafufutidwa kanthu.

Komwe “fakitale” imabisala

Disiki ya laputopu imagawidwa m'zigawo zomwe amisiri amati mapatishoni. Chigawo chodziwika kwa aliyense ndi cha C:, momwe mumakhala Windows, mapulogalamu ndi mafayilo a mwini makina. Palinso zigawo zina zomwe sizioneka munthu akamagwiritsa ntchito kompyuta mwa masiku onse. M'nthawi ya Windows 7 ndi Windows 8, makampani monga HP, Dell, Lenovo, Acer ndi Asus ankasiya chigawo chapadera, kawirikawiri cha pakati pa 10GB ndi 20GB, chosungira laputopu yonse monga idatulukira: Windows yake, madilaiva omwe amachititsa kuti sipika, kamera ndi Wi-Fi zigwire ntchito, komanso timapulogalamu ta kampaniyo. Pa HP chigawochi chimatchedwa HP_RECOVERY, pa Acer PQSERVICE. Polowera mwake ndi batani lomwe munthu amadina makina akangoyaka: F11 pa HP, Alt ndi F10 pamodzi pa Acer, F9 pa Asus, pomwe malaputopu ambiri a Lenovo ali ndi kabatani ka Novo cham'mbali, komwe pena kamafuna nsonga ya waya kuti kadinike.

Batanilo palokha silisunga kanthu. Lili ngati chitseko cha nkhokwe. Nkhokweyo ikapasulidwa, chitseko chimangotsekukira pabwalo.

Windows 10 itatuluka pa 29 Julayi 2015, kampani ya Microsoft idasintha kachitidwe. Njira yotchedwa Reset this PC siidaliranso chigawo chachikulu chija, koma imamanganso Windows kuchokera ku mafayilo a Windows yomwe ili kale pa disiki, mothandizidwa ndi kachigawo kakang'ono ka zipangizo zokonzera. Mu 2020 adawonjezerapo njira ya Cloud download yomwe imatenga mafayilo atsopano pa intaneti ndipo imadya data yoposa 4GB. Njira ziwirizi zimafuna kuti Windows ikhale idakalipo, ngakhale ili yodwala.

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa amene adalowetsa Ubuntu, Linux Mint kapena mtundu wina wa Linux. Ubuntu, yomwe imapangidwa ndi kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa ndipo idayamba kutuluka mu 2004, dzina lake n'lofanana ndi umunthu wa m'Chichewa, ndipo polowa imafunsadi mwaulemu: kodi ikhale pambali pa Windows, kapena ifufute disiki yonse? Yankho lachiwiri, Erase disk and install Ubuntu, ndilo lachidule, ndipo munthu wothamanga amasankha limenelo. Pakutha pa mphindi zochepa Windows, chigawo chokonzera ndi nkhokwe ya fakitale zimakhala zitapita zonse. Zomwezi zimachitika mmisiri akafomata disiki yonse polowetsa Windows ina, chizolowezi chomwe chafala chifukwa chimachepetsa ntchito.

Palinso malaputopu omwe kufakitale kwawo kudalibe Windows. Makampani amagulitsa makina ena ali ndi FreeDOS kapena Ubuntu pofuna kutsitsa mtengo, ndipo Windows yomwe wogula amaipezamo imakhala kuti idalowetsedwa m'shopu. Kubwezera laputopu yotere kufakitale n'kuibwezera ku sikirini yakuda ya FreeDOS, zomwe mwini wake sakuzifuna.

Kufufuza kaye chomwe chatsala

Wamwayi kuposa onse ndi amene wangokweza kumene kuchoka ku Windows 10 kupita ku 11. Kwa masiku 10 makina amasunga Windows yakale m'foda ya Windows.old, ndipo kudina Go back pansi pa Settings, System, Recovery kumaibwezeretsa popanda kutaya mafayilo. Masikuwo akadutsa fodayo imafufutidwa yokha.

Amene adakali pa Windows, ya mtundu uliwonse kuyambira 10, angathe kugwiritsa ntchito Reset this PC. Ngati makina akukana kufika pa desktop, kugwira batani la Shift uku akudina Restart pa sikirini yolowera kumatsekula zipangizo zokonzera. Pamenepo pali kusankha kuwiri: Keep my files, komwe kumasiya zolemba ndi zithunzi koma n'kuchotsa mapulogalamu, ndi Remove everything, komwe kumasesa zonse. Chofunika kudziwa n'chakuti njirayi imabwezera Windows yomwe ilimo panthawiyo. Laputopu yomwe idabwera ndi Windows 10 n'kukwezedwa kupita ku 11 imatuluka ndi Windows 11 yoyera, osati 10.

Kwa amene ali pa Ubuntu, pulogalamu ya Disks kapena GParted imaonetsa zigawo zonse za disiki, ndi zobisika zomwe. Ngati pakuoneka zigawo za mtundu wa NTFS zokhala ndi mayina monga Recovery, Image kapena HP_RECOVERY, chiyembekezo chilipo ndipo batani la kampani lija liyenera kuyesedwa. Ngati pali chigawo chimodzi chachikulu cha ext4 ndi kena kakang'ono koyatsira makina, nkhokwe idapita basi.

Ngozi yodziwika imagwera amene ali ndi Windows ndi Ubuntu pamodzi. Poganiza kuti kufufuta chigawo cha Ubuntu n'kokwanira, amachichotsa, osadziwa kuti kapulogalamu ka GRUB, komwe kamafunsa kuti makina ayake ndi iti mwa ziwirizo, kamadalira mafayilo a m'chigawo chomwecho. Akayatsanso amakumana ndi sikirini yakuda ya GRUB yongodikira malamulo. Windows imakhala idakalipo, chasowa ndi cholozera njira. Pa makina a UEFI, omwe ndi pafupifupi onse opangidwa kuyambira 2012, mankhwala ake ndi kulowa mu BIOS n'kuika Windows Boot Manager patsogolo pa mndandanda, makamaka Ubuntu isadafufutidwe. Mu BIOS momwemo ndi bwino kuonanso zomwe zidasinthidwa pa tsiku lolowetsa Linux. Ambiri amazimitsa Secure Boot ndi kusintha kawerengedwe ka disiki kuchoka pa RAID kapena RST kupita pa AHCI, ndipo Windows yomwe idalowetsedwa pa kawerengedwe koyambako imagwa ndi sikirini yabuluu ikapeza kuti kasintha.

Mafayilo asadakhudzidwe

Njira iliyonse yobwezera kufakitale ndi yofufuta. Laputopu ingathe kulowetsedwa Windows kakhumi, koma lipoti la kafukufuku wa wophunzira kapena kaundula wa ngongole za gulu akapita wapita. Pa madisiki akale ozungulira, mapulogalamu monga PhotoRec ndi Recuva amatha kutola zina mwa zofufutidwa ngati pamalopo sipadalembedwe zatsopano. Pa ma SSD mwayiwo ndi wochepa kwambiri chifukwa disikiyo imapukuta yokha malo ofufutidwa.

Amene akuchoka ku Ubuntu ayenera kudziwa kuti Windows siiwerenga zigawo za ext4. Mafayilo akopedwe kaye ku fulashi kapena disiki yakunja yofomatidwa mwa NTFS kapena exFAT, ndipo atsekulidwe pa kompyuta ina pofuna kutsimikiza kuti adalowadi. Zomwe anthu amaiwala kawirikawiri ndi mapasiwedi osungidwa mu Chrome kapena Firefox, komanso zomwe zili pa desktop ndi mu Downloads.

Nkhani ina ndi ya BitLocker, loko yomwe imabisa zonse za pa disiki. Pa malaputopu ambiri atsopano imadziyatsa yokha munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo kuyambira pa Windows 11 ya 24H2 makina omwe amachita izi adachuluka. BIOS ikasinthidwa, loko imatha kufuna kiyi wa manambala 48, yemwe amasungidwa mu akaunti yomwe idagwiritsidwa ntchito tsiku loyamba. Pamene mmisiri, pofuna kufulumira, adalowetsa akaunti yake m'malo mwa ya kasitomala, kiyiyo amakhala kwa mmisiriyo, ndipo ngati iye adasamukira ku Joni mwini laputopu amasowa mtengo wogwira. Popanda kiyi palibe amene angatsekule disikiyo, ngakhale Microsoft imene.

Mbali inayo ya nkhaniyi ndi ya amene akubwezera laputopu kufakitale kuti aigulitse. Remove everything yokha siipukuta mokwanira. Pansi pa Change settings pali Clean data, yomwe imatenga maola angapo koma imalepheretsa wogula kufukula zithunzi ndi makalata. Kwa sukulu, chipatala kapena bungwe lomwe limasunga mayina ndi manambala a ziphaso za anthu, ichi si chifundo chabe. Lamulo la Data Protection Act lomwe lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2024, ndipo likuyang'aniridwa ndi bungwe la Macra, limapereka udindo woteteza uthenga wotere kwa amene akuusunga.

Laisensi siifufutika pamodzi ndi disiki

Anthu ambiri amalipira kawiri chinthu chomwe ali nacho kale. Kuyambira pa Windows 8, yomwe idatuluka mu Okutobala 2012, makampani opanga malaputopu adasiya kumata kapepala ka kiyi kunsi kwa makina ndipo adayamba kulemba kiyiyo mu BIOS, pa bodi ya kompyuta. Kufomata disiki, kulowetsa Ubuntu ngakhale kuchotsa disiki n'kuikamo ina sikumukhudza. Windows yeniyeni ikamalowetsedwa imamuwerenga yokha osafunsa kanthu. Wofuna kutsimikiza ali pa Ubuntu angalembe mu Terminal lamulo lakuti sudo strings /sys/firmware/acpi/tables/MSDM, ndipo ngati kiyi alipo amaoneka pamzere womaliza, wa zilembo ndi manambala 25.

Palinso laisensi ya mtundu wachiwiri yomwe Microsoft imasunga pa makompyuta ake. Laputopu iliyonse yomwe idakhalapo ndi Windows 10 kapena 11 yovomerezeka imakumbukiridwa, ndipo ikalowetsedwanso n'kulumikizidwa ku intaneti imadzivomereza yokha. Polowetsa, munthu amangodina I don't have a product key n'kupitiriza. Msampha uli pa mtundu: laisensi ya Home siitsekula Pro, ndipo Home Single Language, yomwe imapezeka kwambiri pa makina otsika mtengo, nayo ndi yakeyake. Amisiri ambiri amakonda kulowetsa Pro pa laputopu iliyonse ngati kuti ndiyo yapamwamba, kenako uthenga wa Activate Windows ukatuluka pakona ya sikirini amathamangira ku mapulogalamu akuba otsekulira. Pamenepo laputopu yomwe idali ndi laisensi yake yabwinobwino ya Home imasanduka yozembera popanda chifukwa.

Mapulogalamu otsekulirawo ambiri amanamizira njira ya KMS yomwe Microsoft idakonzera makampani akuluakulu, ndipo chilolezo chake chimatha pa masiku 180 ngati sichikonzedwanso. Choopsa kwambiri n'chakuti amafuna kuti chitetezo cha Windows chizimitsidwe kaye, ndipo ndi khomo lodziwika lolowera mavairasi oba mapasiwedi. Lamulo la Copyright Act la 2016 limatetezanso mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera nyimbo ndi mabuku.

Makina a m'nthawi ya Windows 7 ndiwo ali ndi kapepala kunsi kapena m'chipinda cha batire, ndipo kawirikawiri kamakhala katafufutika ndi thukuta la m'miyendo. Kwa zaka zambiri kiyi wa Windows 7 kapena 8 ankatha kutsekula Windows 10, koma Microsoft idatseka njirayi mu Sepitembala 2023. Okhawo omwe adakweza kale nthawiyo isadafike ndiwo adakali ndi laisensi yawo.

Kupanga fulashi yolowetsera

Nkhokwe ikakhala kuti idapita, chotsala ndi kutenga Windows kuchokera kunja. Njira yoyandikira kwambiri fakitale ndi ya makampani eni ake. Dell ili ndi OS Recovery Tool yomwe imafunsa Service Tag ya kunsi kwa laputopu, HP ili ndi Cloud Recovery Tool, ndipo Lenovo ili ndi USB Recovery Creator. Zipangizozi zimabweretsa Windows pamodzi ndi madilaiva a makinawo, koma zimafuna kompyuta ina ya Windows, fulashi ya 16GB kapena 32GB malinga ndi kampani, komanso data yambiri, ndipo si laputopu iliyonse yakale yomwe idakali pa mndandanda wawo.

Njira yomwe imagwira pa makina onse ndi Media Creation Tool yopezeka ulere pa tsamba la Microsoft. Imafuna fulashi ya 8GB, ndipo zonse zomwe zili m'fulashimo zimafufutidwa. Chomwe chimatuluka ndi Windows yoyera yopanda timapulogalamu ta kampani, ndipo kunena zoona ambiri mwa timapulogalamuto sitisowedwa ndi munthu; tinkangolemeretsa makina.

Media Creation Tool siigwira pa Ubuntu. Amene alibe kompyuta ina ya Windows amatenga fayilo ya ISO pa tsamba lomwelo, koma kungoikopera mu fulashi sikuthandiza. Fulashi zambiri zimafomatidwa mwa FAT32, yomwe siilandira fayilo yoposa 4GB, pomwe mkati mwa ISO muli fayilo ya install.wim yomwe imaposa pamenepo. Pulogalamu ya Ventoy, yomwe imagwira pa Linux ndi Windows pomwe, imathetsa vutoli: ikalowetsedwa mu fulashi, ISO imangoponyedwamo monga fayilo wamba. Rufus nayo ndi yodalirika, koma ndi ya pa Windows pokha.

Kwa munthu wa ku Phalula, cholemera pa zonsezi ndi data. ISO ya Windows 10 kapena 11 imaposa 5GB, ndipo linki yomwe Microsoft imapereka imatha pa maola 24, choncho netiweki ikamadukaduka bandulo ya Airtel kapena TNM ingathe ntchito isadathe. N'chifukwa chake ambiri amangodalira fulashi ya mmisiri wa pamsika, kapena kukwera minibasi kupita ku Balaka kapena Blantyre. Palibe cholakwa ndi fulashi ya mmisiri ngati ISO yake idachokera ku Microsoft. Zoyenera kukanidwa ndi zomwe zimatchedwa Lite, Super Lite kapena Pre-activated, zomwe zidasinthidwa ndi anthu osadziwika ndipo zambiri zidachotsedwa chitetezo ndi njira yolandirira zosintha.

Magetsi, kutentha ndi ntchito yeniyeni

Dera la Phalula ndilo lili ndi sabusiteshoni ya Phombeya ya 400kV, yomwe idamangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya dziko la America ndipo imatumiza magetsi pa mtunda wa makilomita 173 kukafika ku Nkhoma. Kukhala pafupi ndi nthambo zikuluzikulu sikuteteza shopu ya pamsika ku kuzima kwa magetsi, ndipo malaputopu ambiri a kaunjika mabatire awo adafa kale moti chaja ikangosolola amazima. Magetsi akathima Windows ili pakati polowa, makina amatsala opanda choyakira, koma ntchito ingayambidwenso ndi fulashi yomweyo. Zikathima BIOS ikulandira zosintha, bodi ingafe osadzukanso, ndipo zosintha zoterezi nthawi zina zimabwera zokha kudzera mu Windows Update. Wopanda batire lamoyo achite ntchitoyi pa sola yokhala ndi inveta kapena pa UPS. Kutentha kwa Balaka m'mwezi wa Okutobala nako kumazimitsa makina omwe fani yake yadzaza fumbi, chifukwa polowetsa Windows kompyuta imagwira ntchito mwamphamvu kwa nthawi yaitali.

Kulowetsako pakokha n'kwachidule. Fulashi ikalowa, batani la F9 pa HP, F12 pa Dell, Lenovo ndi Acer kapena Esc pa Asus limatulutsa mndandanda wa zoyakira. Pa funso la mtundu wa kalowetsedwe munthu amasankha Custom, n'kufufuta zigawo zonse za disikiyo mpaka patsale mzere umodzi wa Unallocated space. Windows imadzigawira yokha. Pa laputopu ya madisiki awiri, nambala ya disiki iwerengedwe mosamala, chifukwa Drive 0 si nthawi zonse yomwe ili ya Windows. Ngati pali chigawo cha Recovery cha kampani chomwe chidapulumuka, n'chanzeru kuchisiya.

Pa malaputopu ena a Intel a m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo, sikirini yosankhira disiki imabwera yopanda kanthu, ndipo anthu amagamula kuti disiki yafa. Chasowa ndi dilaiva ya Intel Rapid Storage Technology, yomwe imatengedwa pa tsamba la kampani ya laputopuyo n'kulowetsedwa podina Load driver. Vuto lina ndi la Wi-Fi: Windows 11 imafuna intaneti isadamalize kulowa, pomwe dilaiva ya Wi-Fi mwina sidalowe. Kulumikiza foni ya Android ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering kumathandiza nthawi zambiri. Zikatha apo, Windows Update imabweretsa madilaiva ochuluka, koma imadyanso ma GB angapo. Wodalira bandulo ayatse Metered connection kuti azisankha yekha nthawi yotsitsa zosinthazo.

Zobisala m'malaputopu a kaunjika

Laputopu yomwe idachokera ku kampani yakunja imatha kubwera ndi zingwe zosaoneka. China ndi pasiwedi ya BIOS, yomwe imaletsa kuyaka ndi fulashi ndipo pa makina ambiri atsopano siichoka pochotsa kabatire ka pa bodi monga zinkachitikira kale. China ndi Windows Autopilot, njira yomwe makampani amalembetsera makompyuta awo ku Microsoft. Ngati kampaniyo idagulitsa makina osawachotsa m'kaundula, laputopu ikangolowetsedwa Windows yatsopano n'kulumikizidwa ku intaneti imaonetsa dzina la kampaniyo ndi kufuna imelo ya wogwira ntchito kumeneko. Kufomatanso sikuthandiza chifukwa chizindikirocho chili pa bodi ndi m'kaundula wa Microsoft. Pa makina otere Ubuntu inkagwira popanda vuto, ndipo mwini wake amadziwa za msamphawo pokhapokha akayesa kubwerera. Woyenera kumasula ndi kampani idalembetsayo, choncho risiti ndi wogulitsa wodziwika malo ake n'zofunika. MacBook nayo ili ndi loko yofanana ya Activation Lock, ngakhale kuti pa makina a Intel a Apple kubwezera macOS kumatheka pa intaneti pogwira Option, Command ndi R poyatsa.

Kodi kufakitale n'kotetezeka?

Funso lomwe amisiri ochepa amafunsa kasitomala ndi lakuti fakitaleyo idali ya chaka chiti. Microsoft idasiya kuteteza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023, ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa olembetsa ndondomeko yapadera ya Extended Security Updates yomwe kwa anthu wamba idakonzedwa kuti ifike pa 13 Okutobala 2026. Laputopu ya 2013 ikabwezeredwa ndendende momwe idatulukira imakhala ndi Windows yopanda mlonda, yomwe Chrome yatsopano imakana kulowamo. Kuchitira za kubanki pa makina otere n'kugona chitseko chili pululu.

Windows 11, yomwe idatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafuna TPM 2.0, RAM ya 4GB, malo a 64GB ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Malaputopu ambiri ogulitsidwa m'misika ya m'dziko muno, a Core i5 a m'badwo wa 4 mpaka 7, safikapo. Pali njira zozembera malirewa, ndipo Rufus ili nazo, koma Microsoft idanena kuti makina olowetsedwa motero sakutsimikiziridwa kulandira zosintha.

Pa laputopu yotere, Ubuntu yomwe mwini wake akufuna kuithawa ingakhale ndiyo yotetezeka kuposa komwe akufuna kubwerera. Mitundu yake ya LTS imatuluka mu Epulo pakatha zaka ziwiri zilizonse, monga 22.04 ndi 24.04, ndipo imalandira chitetezo chaulere kwa zaka 5. Kwa wolemba makalata, kusindikiza ndi kuyenda pa intaneti ndi yokwanira, ndipo vuto la Wi-Fi kapena pulinta lomwe lidamutopetsa mwina likanatha ndi dilaiva imodzi. Amene ntchito yake imafuna mapulogalamu a pa Windows okha, monga CorelDRAW ndi Photoshop m'mashopu okonza makadi a ukwati, alibe kuchitira mwina koma kubwerera, kapena kusunga ndalama za makina ofika pa Windows 11.

Microsoft Office nayo si mbali ya Windows. Word ndi Excel zomwe zidali m'laputopu pogula sizibwerera pokhapokha laisensi yake ili mu akaunti ya mwini wake, ndipo LibreOffice, yomwe ndi yaulere, imatsekula mafayilo omwewo.

Windows ikalowa bwino, madilaiva onse atakhazikika, pali kachipangizo kotchedwa Recovery Drive komwe kamapezeka polemba dzinalo pa Start. Kamakopera mafayilo okonzera ndi madilaiva a laputopuyo mu fulashi, kawirikawiri ya 16GB kupita m'mwamba, yomwe imatha kuyatsa ndi kumanganso makinawo ngakhale disiki itafufutidwa kapena kusinthidwa. Wofuna kusunga disiki yonse, ndi zigawo zobisika zomwe, asadayesenso operating system ina angagwiritse ntchito Clonezilla, yomwe ndi yaulere ndipo imakopera zonse ku disiki yakunja. Fulashi ya Recovery Drive ilembedwe dzina la laputopuyo, chifukwa idapangidwira makina amenewo, ndipo isabwerekedwe kokabenera nyimbo.